Chipanda cha sitar kapena tanpura chikang'aluka: kukonza kuti mng'alu usabwerere

Mwezi wa Febuluwale mayi wina anafika pa kashedi kanga kuno ku Leicester, ku Britain, atanyamula tanpura yokulunga m'bulangeti (tanpura ndi sitar ndi zida zoimbira za nsambo za ku India). Inali ya malemu bambo ake, amene anachoka nayo ku Limbe m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene mabanja ambiri a Amwenye anasamuka ku Malawi kudzakhala mumzinda uno. Kumimba kwa chipanda chake kunali mng'alu wotalika ngati chikhato. Pambali pa mng'aluwo, mtunda wosakwana chala chimodzi, panali mzere wolimba wonyezimira pamene munthu wina anathirapo epoxy zaka ziwiri m'mbuyomo. Guluuyo sanasiye ayi, anagwira zolimba. Chipanda ndicho chinang'aluka mwatsopano motsatira mzere womwewo, chifukwa chimene chinachikoka poyamba chinali chikuchikokabe.

Zida zambiri zimene ndimalandira zimabwera motero. Si kugwa koyamba kumene kumaziwononga kwambiri, koma kukonza kwachangu kumene kunatsatira, ndi kuzibwezera pamalo omwe aja pamene zinang'alukira. Chipanda chong'aluka chimakonzeka bwinobwino, ndipo chikakonzedwa mosamala khutu silimva kusiyana, pakuti mawu a sitar amapangidwa makamaka ndi thabwa la pamwamba ndi kampando ka nsambo. Choncho musataye mtima, koma musathamangirenso guluu tsiku lomwelo.

Chimene mwagwira m'manjamo

Chipanda cha zida zimenezi ndi mbewu yomweyo imene kwathu timapangira zikho, nsupa ndi zipanda za mowa, imene akatswiri a zomera amaitcha Lagenaria siceraria. Ku India amachitcha tumba. Zipanda zotchuka zimalimidwa kufupi ndi Pandharpur ndi Mangalwedha, m'boma la Solapur ku Maharashtra, ndipo zimakula mpaka za tanpura ya amuna zimapitirira mita imodzi mukazizunguliza chingwe pamimba. Kuchokera kumeneko zambiri zimapita ku Miraj, tauni imene mabanja a amisiri akhala akusema zida zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1800, ndipo mu 2024 sitar ndi tanpura za ku Miraj zinalandira chizindikiro cha boma cha GI chotsimikizira kwawo. Ku Kolkata ndi ku Delhi kulinso amisiri a mbiri, monga nyumba za Hiren Roy ndi Rikhi Ram.

Mmisiri amadula mbali imodzi ya chipanda chouma, n'kumatapo thabwa lotchedwa tabli, kawirikawiri la mtengo wa tun kapena teak. Kukhosi kwa chipanda amamatako chigawo cha mtengo chimene chimalumikiza chipandacho ndi mkono wautali wa chidacho. Dzina lake kumeneko ndi gulu, koma kuti tisasokoneze ndi guluu ndizingoti khosi. Kumunsi kwenikweni kuli kamtengo kamene nsambo zonse zimakoledwako. Sitar imakhala ndi nsambo 18 mpaka 21, tanpura nthawi zambiri 4, ndipo mphamvu yonse ya kukoka kwake imathera pa mfundo zitatu zimenezi: khosi, m'mphepete mwa tabli ndi kumunsi.

Pali zinthu ziwiri za chipanda zimene aliyense wogwira ntchitoyi ayenera kuzidziwa. Choyamba, khungu lake lolimba ndi lopyapyala kwambiri. Chotsala chonse cha m'kati ndi chofewa ngati siponji ndipo chimamwa guluu msanga. Chachiwiri, chipanda chilibe mitsempha yolunjika mbali imodzi ngati thabwa. Thabwa likang'aluka mumadziwa kumene mng'alu ukulowera. Chipanda chimang'aluka ngati dzira, mng'alu umakhota ndi kuchita nthambi mmene wafunira. Komanso mtengo ndi chipanda sizifufuma kapena kukhwinyata mofanana nyengo ikasintha. Tabli imachepa m'mimba mwake mpweya ukauma, chipanda n'kutsala chikukokedwa m'mphepete monse.

Dziwaninso kuti si chida chilichonse chozungulira kumunsi chili ndi chipanda. Tanpura za mtundu wa Tanjore ndi thupi lalikulu la Saraswati veena, chida china cha nsambo, zimasemedwa ku mtengo wa jackfruit. Kukonza kwake ndi kwa thabwa, ndipo zambiri zimene ndikunena pano sizikhudza zimenezo.

Tsiku loyamba: kumasula ndi kufufuza

Musanachite china chilichonse, matani tizidutswa ta tepi ya pepala pa tabli kuzungulira miyendo ya kampando ka nsambo, kuti mudzadziwe pomwe kanali. Kampando kameneka, kamene oimba amakatcha jawari, kamasemedwa ku fupa, nyanga kapena mtengo wolimba, ndipo nthawi zambiri kamangogwidwa ndi nsambo. Kakasuntha pang'ono chabe, sitar yonse imasokonekera mawu. Mukatero masulani nsambo pang'onopang'ono, iyi pang'ono, iyo pang'ono, kuzungulira mpaka zonse zitalobodoka. Kudula kapena kumasula zonse za mbali imodzi nthawi imodzi kumapotoza thupi lovulala kale. Ngati chidacho chinagwa, sesani pansi ndi dzanja, tolani chibenthu chilichonse ngakhale chochepa ngati njere ya mpunga, musunge mu envulopu. Musayese kulowetsa zibenthuzo m'malo mwake kuti muone ngati zikukwana, chifukwa kuyesa kulikonse kumadya milomo yake.

Tsopano funso ndi lakuti: chang'aluka n'chiyani? Kunja kwa chipanda kumapakidwa polishi wa shellac, ndipo pansi pa polishiyo amisiri ambiri amathirapo phala losalazira mabampu. Mizere yambiri imene anthu amachita nayo mantha ili mu polishi mokha. Imakhala ing'onoing'ono, yambirimbiri, yolukanalukana ngati dothi la dambo louma, ndipo mukakanikiza pambali pake ndi chala chachikulu palibe chimene chimagwedezeka. Imeneyo isiyeni, kapena mudzaikonze ndi polishi basi. Mng'alu weniweni umakhala umodzi kapena wa nthambi zochepa, chikhadabo chimakodwamo, ndipo mukakanikiza mbali imodzi mofatsa mumaona mlomo umodzi ukutsika mnzake atatsala.

Gogodani chipanda chonse ndi nsonga ya chala, mukumvetsera. Pabwino pamalira mokhuta. Pong'aluka pamalira mwaphwephwa, nthawi zina n'kanjenjemera pang'ono. Tsatirani kulira kumeneko kupitirira pamene maso akuona kuti mng'alu watha, chifukwa umapitirira pansi pa polishi masentimita awiri kapena atatu osaoneka. Muunike ndi tochi chopendekeka, kuwala kukukwawa pakhungu, ndipo lembani ndi tepi pamene wathera kwenikweni mbali zonse. Mng'alu wambiri umene umabwerera ndi uja womatidwa pakati pokha, mchira wake utasiyidwa wamoyo.

Pomaliza yang'anani mfundo zitatu zija. Gwirani mkono wa chidacho ndi dzanja limodzi, chipanda ndi linalo, mugwedeze mofatsa kwambiri. Pakhosi pamakhala masamba osema a mtengo okongoletsa amene amabisa mfundoyo, ndiye onani ngati ena atukuka. Ngati khosi likusewera, kapena mng'alu wayambira pa tabli kapena pokolera nsambo, vuto lanu si mng'alu ayi koma mfundo yomasuka. Mukamata mng'alu wokha, udzatseguka sabata yomweyo imene mudzakunge nsambo.

Guluu uti

Pano ndi pamene ndimalimbikira kwambiri, chifukwa guluu wolakwika sabwezeka.

Amisiri akale a ku India ankagwiritsa ntchito guluu wa zikopa, amene iwo amamutcha saresh, ndipo ine ndimaona kuti palibe womuposa pa chipanda. Amagulitsidwa ngati timibulu touma. Mumaviika muyezo umodzi wa timibuluto m'miyezo iwiri ya madzi ozizira, poyeza ndi sikelo, kwa maola angapo, kenako mumaika kabotoloko m'poto wa madzi otentha mpaka guluu afike pa madigiri 60. Asawire, akawira amatha mphamvu. Ubwino wake ndi utatu. Akamauma amakoka milomo ya mng'alu kuti ikumane. Akauma amalimba gwa osatamuka, mofanana ndi chipandacho. Ndipo zikalakwika, madzi ofunda amamusungunula, mumayambiranso popanda kuwononga kanthu. Guluu watsopano wa mtunduwu amagwiranso pa wakale. Vuto lake ndi lakuti amakupatsani mphindi imodzi kapena ziwiri zokha asanayambe kuundana, ndiye zonse zikhale zokonzeka kale.

Guluu woyera wa akalipentala, monga Fevicol amene amisiri ambiri a ku India akugwiritsa ntchito masiku ano, amathandiza ngati wa zikopa sakupezeka. Amapereka nthawi yokwanira ndipo amagwira bwino pa mng'alu woyera wotseka. Koma amatamuka pang'onopang'ono pamalo okokedwa ndi potentha, ndipo akauma guluu wina aliyense sagwira pamwamba pake. Mukalephera koyamba, ntchito yachiwiri imayamba ndi kutokosola wakale yense.

Supagulu amathamangira m'siponji ya m'kati n'kusiya mng'alu wouma, amadya polishi n'kusiya banga loyera, ndipo amauma musanalinganize milomo. Epoxy ndiye amene anavulaza tanpura ya mayi uja. Ndi wolimba kuposa chipanda ndipo sasuntha ndi nyengo, kotero chipanda chikafuna kupuma chimang'aluka m'mphepete mwake. Kumuchotsa n'kusema, ndipo posema mumataya chipanda chenicheni.

Mng'alu wotseka

Ngati milomo ikukumana yokha popanda kukanikiza, ntchito ndi yophweka. Yeretsani m'kati mwa mng'alu ndi burashi youma yofewa. Ngati wina anapakapo polishi wa mipando kapena mafuta, zimenezo zalowamo ndipo guluu sadzagwira; palani m'milomo mosamala ndi nsonga ya lezala. Matani tepi ya pepala mbali zonse ziwiri, kusiya kampata ka mamilimita awiri, kuti polishi atetezeke. Tepiyo muyambe mwaimata pa malaya anu kangapo kuti ichepe mphamvu, apo ayi pochotsa idzanyamula shellac wakale.

Kumapeto kwenikweni kwa mng'alu, pamene munalemba paja, boolani kabowo ka milimita imodzi ndi dzanja, osati ndi makina. Kabowoko kamaletsa mng'alu kupitirira, ndipo mudzakatseka pambuyo pake.

Funditsani pamalopo ndi chowumitsira tsitsi muli chapatali, kungoti pakhale pofunda ngati tsaya, pakuti shellac amafewa ndi kutentha. Pakani guluu wosungunuka bwino pamwamba pa mng'alu n'kumusisita ndi chala modutsa mzerewo, uku dzanja lina likukanikiza ndi kusiya, kukanikiza ndi kusiya mbali imodzi. Kusewera kumeneko ndiko kumapopera guluu m'kati. Mukaona timadontho tikutuluka pamene simunapake, wadzaza. Popeza m'kati mumamwa, ndimayamba ndi guluu wamadzimadzi kuti siponjiyo ikhute, kenako ndimatsatiza wokhuthala nthawi yomweyo.

Chinthu chozungulira sichipanidwa ndi zopanira zachitsulo za akalipentala, mudzangochiphwanya. Gwiritsani ntchito tepi yodutsa mng'alu mopingasa, mukuikoka pang'ono, timizere totalikirana sentimita imodzi. Pa mng'alu wautali ndimakulunga chipanda chonse ndi malegeni a chubu cha njinga, nditayala nsalu pansi pake. Musakoke ngati mukumanga thumba la makala pakaliyala. Mukapyola muyezo mlomo umodzi umakwera pa unzake, ndipo bampu limenelo silichoka. Yendetsani chala pamzerewo musanasiye: milomo ikhale yofanana. Pukutani guluu wotuluka ndi kansalu konyowa pang'ono n'kuumitsa pomwepo, chifukwa madzi okhalitsa pa shellac amasiya banga loyera. Kenako chisiyeni maola 24 osachikhudza.

Mng'alu woyasama

Ukakhala woyasama, moti pepala likulowamo, ndiye kuti chipanda chauma n'kukokeka. Cholakwa chachikulu apa ndi kuukakamiza kuti utseke ndi malegeni. Udzatseka lero, koma mphamvu imene mwaitsekera m'katimo idzatulukira pena.

Yambani mwabwezera chinyezi. Ikani chidacho m'bokosi lake pamodzi ndi siponji yonyowa imene ili m'kambale koboolaboola, osakhudza chida, ndipo muziyang'ana tsiku ndi tsiku kwa masiku 5 mpaka 7. Muzionanso kuti chuku chisayambe. Ming'alu yambiri ya m'nyengo yozizira kuno imatseka yokha motere, ndipo ikatseka mumamata monga ndafotokozera. Koma samalani: musachinyowetse kupitirira mmene nyumba yanu imakhalira, chifukwa mukamata chitafufuma kwambiri chidzang'alukanso pobwerera mwakale. Cholinga ndi chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi n'kotsika mtengo kuposa nsambo za sitar.

Ukakana kutseka patatha sabata, ndiye kuti chipanda chakhazikika m'maonekedwe atsopano ndipo mpatawo uyenera kudzazidwa. Osadzaza ndi guluu yekha kapena phala. Semani kachigamba kopyapyala konga mphero ya nkhwangwa, kopyapyala kunsi n'kukhuthala kumwamba, kotalika ngati mng'aluwo, mukalowetse ndi guluu, katsale kotumphuka pang'ono, mawa lake mudzakasalaze ndi lezala. Chigamba chabwino koposa ndi cha chipanda chinzake. Ine ndimasunga zibenthu za chipanda chakale cha thobwa chimene chinasweka pobwera nacho kuno, ndipo zalowa m'masitar angapo. Zathu zimakhala zopyapyala kuposa za ku Pandharpur, koma pa chigamba cha mng'alu zimakwanira, ndipo zimapuma ndi nyengo mofanana ndi thupi lonse.

Chikaphwanyika ngati dzira

Sitar yogwa kapena yopanikizika m'galimoto imakhala ndi dzenje, zibenthu zina zitamira m'kati, zina zitagweramo. Zimaoneka zoopsa, koma pali mwayi umodzi: bowolo ndi khomo lanu. Sitar ilibe bowo lalikulu pamwamba ngati gitala, kotero nthawi zonse vuto limakhala kufika m'kati. Pendeketsani chida, mugwedeze mofatsa kuti zibenthu zituluke, muziyale patebulo monga zinalili, ndipo mujambule ndi foni.

Yambani ndi ming'alu yotuluka m'dzenjemo kupita kutali, muimate umodziumodzi. Mukatero pisani zala m'bowomo n'kumata timizere ta nsalu yopyapyala ya thonje, toviika mu guluu wa zikopa, kuseri kwa mng'alu uliwonse mopingasa. Nsaluyo ikauma imagwira ntchito ya ulusi umene agogo athu ankasokera chipanda chong'aluka, kungoti ili m'kati. Musaunjike. Mzere umodzi wa nsalu ndi wokwanira. Kulemetsa chipanda ndi zigamba zokhuthala ndiko kumene kungagonthetse mawu.

Zibenthu zibwerere kuchokera m'mphepete kulowera pakati, chimodzi kapena ziwiri patsiku, chilichonse chiume chisanabwere chinzake. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kumaliza madzulo amodzi, koma kulakwitsa kwa theka la milimita pa chibenthu choyamba kumakula mpaka chomaliza chimakana kulowa. Chomalizacho chilibe pogwira m'kati, ndiye musanachiike matani timilomo ta chipanda kapena ta thabwa lopyapyala kuseri kwa bowo, totulukira pang'ono, kuti chidzakhalepo ngati chivindikiro pa mphika.

Chibenthu chimene chamira koma sichinathothoke chimakokedwa kuchokera kunja. Matani kamtengo kakang'ono kokhala ndi chingwe pamwamba pake ndi guluu wa zikopa, kaume usiku wonse, mawa mukoke pang'onopang'ono mpaka chifanane ndi anzake, mulowetse guluu m'ming'alu, mumangirire chingwecho pa kandodo kopingasa dzenjelo. Zikauma, dontho la madzi ofunda limachotsa kamtengo kaja. Polishi wa pamenepo amawonongeka, koma ndi wobwezeka.

Ngati mbali yaikulu yasanduka ufa, kapena mng'alu wazungulira khosi, kapena tabli yayamba kusiyana ndi chipanda mtunda wautali, imani. Kutsegula tabli kumafuna kuchotsa zokongoletsa za m'mphepete ndi kusungunula mfundo yonse, ndipo kuibwezera molakwika kumasintha kupendekeka kwa mkono, nsambo n'kukwera kapena kugona pa zitsulo za pa mkonowo. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa sitar, amene angathenso kuika chipanda chatsopano.

Kusalaza ndi polishi

Timipata totsala mudzaze ndi utuchi wosalala wa chipanda kapena wa thabwa wosakaniza ndi guluu. Phalali limaphwa likauma, ndiye muike kawiri kapena katatu mopyapyala. Salazani ndi sandipepa wa nambala 240, kenako 400 ndi 600, pamzere pokha. Khungu lolimba lija mukalidutsa mwafika pa siponji, ndipo pamenepo pamamwa utoto n'kuda kuposa pena ponse.

Shellac ndi utomoni wa tizilombo tina timene timaweteredwa m'mitengo, makamaka ku Jharkhand ku India, ndipo amasungunuka mu sipiriti. Magalamu 20 m'mamililita 100 ndi poyambira pabwino. Pezani sipiriti woyera. Uja wa mtundu wa pepo amasiya utoto wake pa polishi wowala. Fananitsani mtundu pa chibenthu china kaye, ndipo muyambe mopepuka, chifukwa kuderapo n'kosavuta koma kuyeretsanso n'kovuta. Kulungani thonje m'kansalu, munyowetse pang'ono, mupake mozungulira osaima pamalo amodzi, pakuti shellac watsopano amasungunula wakale. Kupaka kopyapyala kangapo patsiku kwa masiku angapo kumaposa kupaka kokhuthala kamodzi. Pa zipanda zakuda chilonda chimabisika pafupifupi chonse. Pa zowala mzere umaonekabe, ndipo ine ndimawauza eni ake zimenezi ndisanayambe.

Nsambo zidikire masiku atatu chimatireni komaliza. Bwezerani kampando pa zizindikiro zanu, mukunge mpaka theka, chigone, mawa lake mufikitse pamawu ake mukuyang'ana chilonda. Mukamva kunjenjemera kwachilendo, musafulumire kunena chipanda. Kawirikawiri ndi kampando kosakhala bwino, chitsulo chomasuka pa mkono, kapena kachibenthu kotsalira m'kati kamene mungakamve mukagwedeza chida pafupi ndi khutu.

Ukabwereranso

Malo amene mng'alu wabwererapo amakuuzani chifukwa chake. Ukatseguka pamzere womwewo, guluu sanagwire: munali fumbi, mafuta kapena guluu wakale, kapena wa zikopa anaundana musanatseke. Ukapitirira kuchokera kumapeto, mchira sunapezeke. Ukatulukira pambali pa mzere womatidwa, guluu ndi wolimba kuposa chipanda kapena munatseka mokakamiza. Ukabwera mwezi womwewo chaka ndi chaka, vuto ndi chipinda.

Kuno ku Britain chipinda ndicho mdani wamkulu. Mahita akayatsidwa, chinyezi cha m'nyumba chimatha kutsika kufika pa 30 peresenti kapena kucheperapo, ndipo chida chimene chinamatidwa mu mpweya wa ku Maharashtra kapena wa ku Kolkata chimayamba kukokana chokha. Ndinafunsa mayi uja kumene tanpura imakhala. Anati pakona ya pabalaza, pamene bambo ake ankaiimika. Pakona pomwepo panali rediyeta, hita ya pakhoma, imene anaikitsa zaka zitatu zapitazo. Kwathu zofanana nazo ndi kutentha kouma kwa Okutobala m'nyumba ya malata yopanda siling'i, dzuwa la pawindo, ndi buti ya galimoto yoimikidwa panja masana.

Chifukwa china chimene chimabisala ndi tizilombo tofumbwa. Chipanda ndi chakudya kwa ito monga chimanga kwa anankafumbwe. Mukaona timabowo tozungulira ta milimita imodzi kapena awiri, kapena ufa wosalala pansi pa bokosi, ndiye kuti khoma lafumbwa m'kati ndipo guluu alibe pogwira. Chipatuleni kwa zida zina, mupukute ufa wonse, muyale pepala lakuda pansi pake kwa masabata awiri. Ufa watsopano ukagwa, tizilombo tilipo. Mankhwala a tizilombo ta m'matabwa alowetsedwe ndi jakisoni m'bowo lililonse, pamalo opita mphepo, musanayambe kumata. Kenako guluu wamadzimadzi alowe m'mabowo omwewo kuti alimbitse pofumbwapo.

Pali ndi kagwiridwe. Woimba sitar amakhazika chipanda pa phazi lamanzere, mkono wamanja utatsamira pamwamba pake. Wophunzira amene sanazolowere amakanikiza ndi chigongono, kapena amachikhazika pa simenti, ndipo kugunda pang'onopang'ono pamalo amodzi kumabala mng'alu umene mwini sakumbukira tsiku lake. Tanpura imaimikidwa pa chipanda chake, ndipo poimika pansi polimba popanda chotchinga imaterereka. Ilukireni nkhata ya nsalu, monga ya mtsuko, ikhalepo. Sitar za mtundu umene katswiri wotchuka wa ku India Ravi Shankar ankaimba zambiri zimakhala ndi kachipanda kachiwiri kumtunda kwa mkono, komangidwa ndi sikuluwu. Paulendo kamasuleni mukakulunge pakokha, chifukwa chida chikagundidwa ndiko kamayamba kuthyoka, nthawi zina pamodzi ndi thabwa limene kamangidwapo. M'bokosi, chipanda chisakhudze khoma lake paliponse ndipo chisagwedezeke. Zovala zofewa zimatseka mipata bwino. Nsambo zimasulidwe pang'ono musanakwere ndege.

Tanpura ya mayi uja inanditengera masabata atatu. Sabata yoyamba inatha ikumwa chinyezi m'bokosi, masiku anayi ndikusema epoxy ndi lezala pang'onopang'ono, ndipo mpata umene unatsala unalandira chigamba cha chipanda changa cha thobwa. Tsiku lodzaitenga anabwera ndi mwana wake wamkazi amene akuphunzira kuimba, ndipo mwanayo anaikunga yekha, nsambo zinayi, n'kuilizitsa kwa mphindi zingapo mayi ake ali chete. Ndinawapatsa kachipangizo koyezera chinyezi ndi nkhata, ndipo tinagwirizana kuti tanpura isamukire kuchipinda cha kuseri kumene hita siyatsidwa kawirikawiri. Ndawapempha kuti adzabwere nayo mu Febuluwale ikubwerayi, mahita atayaka miyezi itatu, kuti tidzagogode pachilondapo.